Nkhoswe Yochedwa

A Benedicto ankaphunzitsa kwaya pa tchalitchi china ku Old Town, ndipo chaka chimenecho anapeka sewero la nyimbo kuchokera pa nkhani yakale ya nthawi ya nkhondo. Inali nkhani ya mtsikana wa m'linga la Achewa amene anakondana ndi msilikali wa Angoni, makolo n'kukana, awiriwo n'kufera limodzi. Nyimbo zodzudzula makolo ouma mtima aja anazipeka mwaluso moti amayi a kwaya ankapukuta misozi ndi nsonga za zitenje pa pulakatisi.

Mbali ya mtsikanayo anapatsa Eveless, mwana wa mlongo wawo, amene anamulera okha kuyambira ali wamng'ono. Ya msilikali inagwera Wiza, mnyamata wa ku Area 12, mwana wa a Mackford a ku Rumphi ogwira ntchito m'boma. Ukamauza ana awiri kuti aziyang'anana m'maso Loweruka lililonse, usamadabwe ndi zotsatira zake.

A Mackford anachita zinthu mwaulemu, koma ulemu wake wa kwawo. Anatuma akuluakulu kukafunsira mbeta kwa bambo ake a Eveless, munthu amene sanaguleko ngakhale pensulo ya mwanayo. Kumpoto mwana ndi wa bambo, ndiye sanaganizeko kuti kwa Achewa mwini mbumba ndi malume. A Benedicto anangozimvera kwa anthu mumsika, ndipo zinawapweteka mpaka mumtima.

Atauzidwa za kulakwa kwawo, a Mackford anabwera ku tchalitchi kudzapepesa. A Benedicto anawasiya padzuwa mpaka nyimbo zonse zitatha, kenako anatuluka.

"Pitani komwe munayambira," anatero. "Ine si nkhoswe yotola panjira."

Koma nawonso a ku Rumphi anali ndi mtima wawo. "Kwathu malume ndi mlendo," anayankha, n'kukwera galimoto. Kuyambira tsikulo mabanja awiriwa ankalambalalana ngakhale pamaliro.

Eveless anawagwadira amalume ake kangapo. "Amalume, popanda inu abusa satidalitsa."

"Tidzaona sewero likatha," ankayankha. "Ndipo vesi yachiwiri ija ukumeza mawu."

Zoona zake n'zakuti mumtima anali atavomera kale. Iwo ankamukonda Wiza, mwana wosakweza mawu pamaso pa akulu. Ankangofuna kuti a Mackford auone moto pang'ono. Anakonza zoti sewero likadzatha adzawaitane ana awiriwo, adzawadalitse, aliyense adzaone kuti iwo si ouma mtima ngati makolo a m'nyimbo aja. Ganizoli linkawakomera kwambiri moti sanaone kuti Eveless wasiya kupempha.

Tsiku lija linafika. Holo ya ku City Centre inadzaza masana, ena mpaka kuimirira m'makoma. Eveless ndi Wiza anaimba ngati sadzaimbanso. Pa nyimbo yotsazikana mtsikanayo analira misozi yeniyeni, ndipo a Benedicto anadzitama mumtima kuti kuphunzitsa amakutha. Ngakhale a Mackford, amene anakhala kumbuyo kwenikweni, anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali.

Anthu akuombabe m'manja, a Benedicto anawaitanira awiriwo kuseri kwa katani. Anakonza taye, n'kutsokomola.

"Ana anga, madzi akatayika sawoleka, koma zija zatha. Wiza, ukauze bambo ako abwere kunyumba. Ndine nkhoswe yanu."

Anadikira kuti Eveless alumphe. Mtsikanayo anangoyang'ana pansi, akumasula mikanda ya m'sewero m'khosi mwake. Wiza ndiye anayankha, manja ali kumbuyo.

"Zikomo, bambo. Koma ine ndinapempha kuntchito kuti andisamutsire ku Karonga, ndipo avomera. Ndinyamuka sabata yamawa."

"Ku Karonga kuli njira! Mudzapita nonse ukwati ukachitika."

"Amalume," anatero Eveless motsitsa mawu, "ife tinasiyana mwezi watha. Tinatopa, iye kunyumba kwawo mkangano, ine kwathu mkangano, mpaka tinayamba kukangana tokha."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Munavutika nalo sewero lanuli. Sitinafune kuti liwonongeke."

Kunja anthu anayamba kufuula dzina la a Benedicto kuti wopeka nyimbo aonekere. Eveless anawakonzera kolala ya jekete monga ankachitira Lamulungu lililonse, n'kuwatsegulira katani.

"Pitani, amalume. Akukuitanani."