Funso Lomaliza ku Zolozolo

Pofika Lachinayi, mawu akuti utsogoleri anali atamukola Marjorie ngati nyemba za tsiku ndi tsiku. Anali atatha masiku anayi m'holo ya loji ina m'tauni ya Mzuzu pamodzi ndi anzake makumi awiri, onse ophunzira bwino: mainjiniya, a zankhalango, a kubanki, ndi iyeyo wa bungwe lolimbikitsa mbaula zosadya nkhuni zambiri. Ankaphunzitsidwa kutsogolera anthu kuti asiye kudalira makala, mitengo ipume, utsi uchepe. Makoma anali atadzaza mapepala a inki yobiriwira, ndipo chosatopetsa chinali tiyi wa teni koloko yekha.

Mphunzitsi wawo, Goodwell, bambo wa pakamwa pokoma wochokera ku Lilongwe, anaika lamulo tsiku loyamba lomwe. Muno mulibe abwana, mulibe amayi, mulibe achimwene. Aliyense aziitanidwa dzina lake lokha, poti mtsogoleri wa makono sadzikweza ndipo sakweza mnzake. M'holomo lamuloli linkakoma ndithu, moti ndi bambo wa imvi wa kubanki yemwe ankangoyankha akamva kuti Maurice.

Masana a tsikulo anakwera minibasi kuti akayese zimene aphunzira. Aliyense anapatsidwa fomu ya mafunso oti akafunse ogulitsa makala, ndipo Goodwell sanabise kuti wochita bwino ndiye adzatsogolere ntchitoyi mumzinda wonse. Marjorie ankaufuna udindowo. Koma atamva dalaivala akuuzidwa kuti alowere ku Zolozolo, analakalaka kutsika pomwepo.

Ku Zolozolo kunali achemwali ake, a Keziya, ogulitsa makala. Mayi awo atamwalira ku Thyolo, a Keziya ndiwo anamutenga Marjorie ali ndi zaka zisanu ndi zinayi n'kubwera naye kuno kumpoto. Manja akuda ndi makala aja ndi amene ankamuluka tsitsi, ndipo makala omwewo ndi amene anamufikitsa ku koleji. Kuntchito nkhani imeneyi sanaitchulepo. Poyamba kunali kungosowa mpata, koma zaka zitachuluka kusanenako kunasanduka kubisa, ndipo iye ankadziwa.

Ogulitsa makala ku Zolozolo ndi osawerengeka, koma tsoka silisankha bwino. Minibasi inaima pakona pomwepo, pamene a Keziya anali atakhala pachidebe akulongedza makala m'timajumbo.

"Marjorie, yamba ndiwe," anatero Goodwell atacheza nawo pang'ono. "Mayi uyu akuti ndi Keziya. Lamulo lathu lija ndi lomwelo, dzina basi. Tione utsogoleri."

A Keziya anali ataimirira kale, akupukuta manja pachitenje, nkhope itayamba kumasuka. Panali patatha miyezi itatu osaonana. Marjorie anaona kuti akachedwa kamphindi kamodzi amuitana dzina lake la paubwana pamaso pa anthu onsewa, ndiye anawatsogolera kuyankhula.

"Mwaswera bwanji, Keziya? Ife tachokera kumaphunziro, tili ndi mafunso pang'ono."

Mayi wogulitsa tomato pambali, amene ankawadziwa onse awiri, anagwira pakamwa. Chibadwire Marjorie anali asanatchulepo dzinalo lili lokha chonchi, ndipo linamuwawa pa lilime. A Keziya anamuyang'ana kuyambira nsapato mpaka kakhadi ka dzina kolendewera pakhosi. Kenako anapinda maondo pang'ono monga amachitira kwa alendo olemekezeka.

"Taswera, madamu. Yewo chomene. Funsani."

Marjorie anawerenga mafunso maso ali papepala. Makala amachokera kuti? Kutali, anayankha a Keziya, chaka chilichonse kumka kutali. Kodi akudziwa kuti mitengo ikutha?

"Ndingaleke kudziwa ine? Amene amabweretsa pa njinga amafika miyendo ikunjenjemera. Ndikudziwa chomene, madamu."

Nanga utsi ndi fumbi sizimawadwalitsa? A Keziya anati chifuwa ndiye ndi mnzawo wakalekale, sasiyana. Marjorie ankachidziwa chifuwacho, anakula akuchimva kuseri kwa katani. Nanga atapatsidwa makala opangidwa ndi utuchi ndi zinyalala, angagulitse?

"Anthu akamagula, ine ndingagulitse ndi miyala yomwe."

Gulu lonse linaseka. Goodwell ankagwedeza mutu, akunong'oneza anzake kuti aone mmene Marjorie wamumasulira mayiyu, kuti ndiye kuyankhulana ngati anthu ofanana kumeneku. Marjorie anamva kutopa kwa sabata yonse kukumutsikira m'mapewa. Ankafuna kungokhala pansi pafumbi pomwepo, koma panatsala funso limodzi, ndipo maso onse anali pa iye.

Analiona lisanatuluke pakamwa, n'kuyesa kutembenuza pepala ngati wamaliza.

"Pali lina m'munsimo," anatero Goodwell. "Limenelo ndiye lofunika kwambiri, usalidumphe."

Marjorie analiwerenga. "Kodi muli ndi wachibale, makamaka wophunzira, amene angakugwireni dzanja mutafuna kusiya ntchito ya makala?"

A Keziya sanafulumire. Anatola kakala kamene kanagwa pansi n'kukaponya m'thumba, anasasa zala, kenako anamuyang'ana m'bale wawo m'maso, mopanda mkwiyo ngakhale pang'ono. Ukanakhala mkwiyo bwenzi zili bwino.

"Palibe, madamu."

Cholembera chinaima m'mwamba. Pafomupo panali timabokosi tiwiri, ka inde ndi ka ayi, ndipo dzanja la Marjorie linakana kutsika.

"Lembani," anatero a Keziya mofatsa, ndi mawu omwe aja ankamuuzira kuti amalize homuweki. "Anzanu akudikira. Lembani kuti palibe."