Chati ya Amasiye Awiri

Hemlata anadikira mpaka mwambo wotsiriza wa maliro utatha, ansembe atadya n'kupita, achibale a ku Mirzapur atakwera sitima. Sanafune kuti anthu adzati analibe ulemu ndi malemu. Malemuwo, mlamu wake Bholanath, anali munthu wabwino, kungoti pamaso pa mkazi wake anali wamantha ngati nkhuku yonyowa. Choncho anamulira mokwanira, ndipo kutacha anatenga thumba n'kulowera kumsika.

Anagula tomato wakupsa kwambiri, mbatatesi, jinja, bwemba, mandimu, anyezi awiri akuluakulu ndi tsabola wobiriwira wodzaza dzanja. Mayi wogulitsa anayang'ana sari yoyera ya Hemlata, nsalu yomwe amavala amasiye, n'kuyang'ananso tsabolayo.

"Kwabwera alendo kodi?"

"Ayi, ndi wa pakamwa panga pano. Onjezerani awiri, musaumire."

Mkwiyo wa Hemlata unayamba kalekale, tsitsi lake lidakali lakuda. Mwamuna wake Dinanath, mng'ono wake wa Bholanath, atamwalira ndi chifuwa, Rajeshwari, mkazi wa Bholanath, ndiye anamuphwanyira zibangili n'kumupukuta pamutu utoto wofiira wa akazi a pabanja. Ndiyenso anamuikira malamulo. Wamasiye sadya anyezi, sadya adyo, sadya tsabola, poti zimenezo zimatenthetsa magazi. Chake ndi mpunga wowiritsa ndi mphodza zopanda kanthu, basi.

Patapita miyezi ingapo, Hemlata akuchokera kukachisi, anadutsa pa ngolo yogulitsira chati, chakudya cha mumsewu chodzaza tsabola, pomwe Dinanath ankamugulira adakali achinyamata. Fungo linamugwira mwendo. Anagula chati m'kambale kamodzi kopangidwa ndi masamba a mtengo n'kukabisa m'nsalu, koma tsoka silinunkha, anakumana ndi Rajeshwari pakhomo penipeni, akazi a mumsewu ali tayale m'makonde mwawo. Rajeshwari anamenya kambaleko ndi kuseri kwa dzanja, chati n'kumwazikira m'ngalande. Kenako anakweza mawu kuti ndi ogontha omwe amve: "Wamasiye wolakalaka tsabola akulakalaka mwamuna!"

Mawu amenewo anamumatirira zaka zonsezo. Akazi ankabisa kuseka akamadutsa, amuna ankamuyang'ana mwa mtundu wina. Ndipo madzulo alionse Bholanath ankabwera ndi chati ya mkazi wake, Rajeshwari n'kumadya chitseko chili pululu, akunyambita zala, Hemlata akumeza malovu kukhitchini. Sanaiwale, ndipo sanafune n'komwe kuiwala. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mawa lake linachedwa, koma linali litafika.

Madzulo a tsikulo Rajeshwari anakhala pamphasa m'bwalo la m'kati mwa nyumba, atavala zoyera, mikono ili yopanda zibangili. Akazi a mumsewu anabwera kudzamupepesa, ena mwa iwo omwe aja a m'makonde. Pambali pake panali mbale ya mpunga ndi mphodza. Anaziphika ndi Hemlata yemweyo, mosalakwitsa lamulo ngakhale limodzi, ndipo Rajeshwari anali atangozitosa n'kuzisiya.

Hemlata anatsegula chitseko cha khitchini mpaka kuchigunditsa kukhoma. Anaika chiwaya chachikulu pamoto, nathira mafuta a ng'ombe mosawerengera. Jinja ndi tsabola zitagwera m'mafutamo, utsi wake unatuluka n'kukatsamwitsa mayi wina kubwalo. Anathira tomato n'kumuphwanya ndi chipande ngati ali naye chifukwa, kenako mbatatesi zowiritsa, zokometsera, mchere wakuda. Chati ya tomato ya kwawo ku Banaras sifuna anyezi, mwana aliyense amadziwa zimenezo, koma Hemlata anawaikamo dala, onse awiri.

Vandana, mkazi wa mwana wa Rajeshwari, yemwe ankamutchula Hemlata kuti Chachi, kutanthauza mayi aang'ono, anathamangira kukhitchini akukupiza mphuno ndi nsalu.

"Chachi, mukutani? M'nyumba ya maliro muno?"

"Maliro anatha dzulo. Ansembe sanadye zotsekemera? Sindinawaone akulira."

"Koma amayi akumva fungoli, Chachi. Masiku atatu sanadye."

"Ine ndakhala ndikumva fungo zaka zoposa msinkhu wakowo. Bweretsa timbale ta masamba tiwiri, ukatero uchoke pamoto panga."

Hemlata anapakula motentha, nathira pamwamba madzi a shuga, bwemba, ndimu, masamba onunkhira ndi tizidutswa tokazinga tokhukhuta. Chati sidikira munthu, ikangozizira yafa. Anatuluka nato timbale tonse tiwiri, nakhala pamphasa moyang'anizana ndi Rajeshwari, kamodzi n'kukaika pafupi ndi bondo lake. Akazi aja anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Jiji, akulu anga, ndakuikirani apa kuti muzinunkhiza bwino. Kudya ayi, lamulo mukulidziwa, munalipanga nokha."

"Hema, wapenga iwe?" Rajeshwari ananong'ona.

"Ndachira kumene."

Anatapa supuni yodzaza n'kuiika m'kamwa, maso ali pa Rajeshwari. Supuni imeneyi anali atailota kambirimbiri. Koma lilime lomwe lazolowera mphodza zopanda kanthu silikhalanso lilime lakale. Moto unamugwira m'kamwa, unatsikira pakhosi, unakwera m'mphuno. Anatsokomola mpaka kuwerama, misozi ili chuchuchu. Anayesa yachiwiri mwamakani, m'mimba n'kukana. Sanamve tomato, sanamve bwemba, anangomva kuwawa. Apo ndi pomwe anazindikira kuti mkazi ameneyu sanangomulanda kambale kamodzi kaja, anamulanda ndi lilime lomwe, ndipo mkwiyo wake unaposa wa m'mawa.

Atapukuta maso anaona chomwe sanachiyembekeze. Rajeshwari anali atanyamula kambale kake. Supuni inapita kukamwa, inabwerera, inapitanso. Ankadya mwaphuma ngati mwana woba shuga, akazi onse akumuona, mafuta akutsetserekera pa sari yoyera.

Hemlata anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. Iye anapirira theka la moyo wake, mwini lamulo walephera ndi mwezi womwe! Anaimirira kuti mawu ake afike mpaka kumsewu.

"Amayi inu, munalipo tsiku lija, ndikumbutseni ngati ndalakwitsa. Wamasiye wolakalaka tsabola akulakalaka chiyani? Jiji, malizitsani, si mawu anu?"

Mayi wina wokalamba anayang'ana zikhadabo zake, wina anayamba kufunafuna nsapato. Supuni ya Rajeshwari inaima m'malere. Atayankhula, mawu anatuluka aang'ono, osakhala ake a masiku onse.

"Mwamuna. Inde, Hema, ndikulakalaka mwamuna wanga. Nthawi ngati ino ankakhala akugogoda pachitsekopo, kambale kali m'manja."

Analira mokweza, chati idakali m'kamwa. Vandana anafuna kumugwira, koma Hemlata anamuletsa ndi dzanja. Anali atakonzeka kumenya kambaleko kuti kagwere m'ngalande, monga kake kanagwera, ndipo dzanja linali litakwera kale. Analitsitsa pang'onopang'ono. Sikuti anamukhululukira, ayi. Kungoti anapeza china chowawa kuposa mbama.

"Nanenso tsiku lija ndinkalakalaka wanga, Jiji. Pa ngolo ija ndi pomwe ankandigulira. Mukadangondifunsa."

Anatenga chati yake yomwe inamukana ija n'kuikhuthulira m'kambale ka Rajeshwari, nakanda zotsalira ndi supuni mpaka tsamba linayera.

"Idyani. Yangayi yadikira nthawi yaitali, musasiyeko ngakhale kanyezi kamodzi."

Anaima pomwepo, manja ali m'chiuno, m'kamwa mukuyakabe, mpaka Rajeshwari anamaliza.