Wailesi ndi Manambala a Azakhali

Mumsewu mwathu munadzaza manong'onong'o akuti azakhali anga awachotsa ntchito kuchipatala. Ati ankaulula zinsinsi za odwala, ndipo wouzidwayo ndinali ine. Ndikalowa mu saluni, onse zii, kumangotsinana.

Ndisaname, dzina loti Wailesi sanandipatse mondinamizira. Nkhani ikandipeza m'mawa, pofika masana imakhala itazungulira msewu wonse n'kubwerera kwa ine itanenepa. Koma azakhali sanandiuzepo kanthu ngakhale kamodzi. Ntchito yawo ndi ya m'kachipinda kopanda zenera, momwe muli kompyuta ndi fani yolira ngati ikudandaula. Amawerenga zimene adokotala alemba, n'kupatsa vuto lililonse nambala yake. Za amayi oyembekezera ndiye amazidziwa pamtima, akuti zambiri zimayamba ndi chilembo O. Ndikawanyengerera kuti andiuze amene amuona lero, ankangoti aona manambala.

Zoona zake zinali zakuti azakhaliwo anali oyembekezera, zaka zitapitirira makumi anayi. Kawiri konse m'mbuyomo anapita padera anthu atadziwa kale, ndipo mapepeso a anthuwo ndi amene anawapweteka kwambiri. Ulendo uno adokotala anawauza kuti apume kunyumba. Amayi ananditumiza kuti ndikawathandize, popeza amalume, amuna awo, amachoka m'mamawa.

Tsiku loyamba anandikhazika pabedi.

"Mimba iyi ili ndi manambala atatu," anatero, akuwerenga ndi zala. "Zaka zanga, kuthamanga kwa magazi, ndi zam'mbuyomo zija. Yachinayi ndi pakamwa pako, koma imeneyo m'buku mwathu mulibe."

Ndinalumbira kuti sinditsegula. Anandiyang'ana ngati munthu woika nyama pafupi ndi mphaka.

Mmene zinkandiwawira, inu. Mnzanga wapamtima anasiya kundiyankhula pomva kuti ndachotsetsa azakhali ntchito. Mawu awiri okha akanandiyeretsa. Ndinkachita kuluma lilime pogula sopo. Amene anandilimbitsa mtima ndi Mayi Magalasi, anzawo a azakhali a mu ofesi muja. Kuntchito kwawo munthu saloledwa kulemba manambala a matenda ake omwe, ndiye a azakhali ankalemba ndi iwowo. Ankadziwa zonse. Koma ndinawaona ndekha mu saluni, mutu uli m'chowumitsira tsitsi, nkhani ya azakhali ikuphikidwa pambali pawo, iwo akungoyang'ana zikhadabo zawo.

Komabe nkhani zinkandidzaza mpaka m'khosi, ndipo azakhali sakonda miseche. Tsiku lina ndikuwasisita mapazi otupa aja, ndinawerama n'kuuza mimbayo. Ndinainong'oneza kuti telala wapakona wasokera akazi awiri madiresi ofanana ndipo akaziwo akakumana atawavala paukwati umodzi. Mwana m'mimbamo anagunda. Azakhali anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Ameneyu watengera iwe. Ndalakwanji ine?"

Kuyambira pamenepo inakhala ntchito yanga. Anamwino anali atawauza kuti tsiku lililonse azimvetsera ngati mwana akusuntha, ndiye tikatha kudya masana ndinkagwada pafupi ndi bedi n'kuyamba pulogalamu. Nkhani za mitengo ya zinthu sankazifuna. Koma za amene wakanidwa, za amene wabwereka nsapato n'kuzibweza zitang'ambika, ankachita kuvina. Amalume anayesapo za mpira, mwana anangokhala duu. Anachoka atakhumudwa, akuti tawapangira chiwembu.

Mwezi wachisanu ndi chinayi utangoyamba, ndinabwera ndi nkhani yaikulu: mwini saluni uja wapezeka kuti tsitsi lake amakakonzetsa ku saluni ina. Ndinaifotokoza bwinobwino, ndi mawu ake omwe. Palibe chinachitika. Ndinabwereza, n'kuthirako mchere. Zii. Azakhali anamwa madzi ozizira, anagonera kumanzere, tinadikira. Kenako anandifunsa ngati m'mawa ndinamuona akusuntha, ndipo ndinati ayi.

"Ngati wakana imeneyi, pali vuto," anatero motsitsa. "Nambala ya zimenezi ndimaidziwa, ndipo siidikira mawa. Tenga chikwama."

Ndinaimbira amalume ndi foni ya azakhali. Kuchipatala anamwino anamangirira lamba pamimba, makina n'kuyamba kulira, ndipo adokotala atayang'ana anati mwana watopa, azakhali apite ku opareshoni nthawi yomweyo. Ine ndi amalume tinatsala pabenchi. Mayi Magalasi anatuluka m'kachipinda kawo n'kudzakhala pakati pathu.

Dzuwa lisanalowe anamwino anatulukira akumwetulira. Mwana wamkazi, wochepa thupi koma wamphumphu, ndipo mayi ake ali bwino. Anati tinachita bwino kufulumira. Amalume anakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kumaseka misozi ikutsika.

Mawa lake anandilola kulowa. Kamwanako kanali kofiira, zala ngati machesi, pakamwa pokha ndiye pakulu. Mayi Magalasi anali pomwepo, akuwaseka azakhali kuti awapatsa ntchito yambiri, munthu mmodzi manambala mpaka kudzaza mzere. Azakhali anawayankha kuti akabwerera akaona ngati sanalakwitse. Ine ndinawerama n'kumaliza nkhani ya mwini saluni ija, popeza mwanayo sanaimve bwino dzulo lake. Anayasamula.

Kenako azakhali anandikoka mkono.

"Wailesi, wapirira mwana wa achimwene anga. Pita ukatsegule. Uwauze kuti ntchito sanandichotse, ndipo mwana ndi uyu. Manambala okhawo uwasiye kuno."

Ndinatuluka pageti miyendo ikuyabwa. Koma nditafika pakona pa telala ndinaima. Kumanja kuli saluni, komwe nkhani imayenda ngati moto wa pa udzu wouma, ndipo ndinkafunitsitsa kuona nkhope zawo. Kumanzere kuli kwa mnzanga uja, amene ndinamusowa miyezi yonseyi ngakhale anandikhumudwitsa. Nkhani yokoma chonchi imakoma kamodzi kokha, kwa woyamba kuimva. Mukanakhala inu, mukanayambira kuti?