Mtengo wa Mwana wa Telala

A Nazale anali chiimire pachipata, manja ali kumbuyo, akuyang'ana mlangizi wa zaulimi akuyenda khomo ndi khomo ndi kachitini ka penti wofiira. Anali mtsikana ndithu mlangiziyo, wovala jombo zazikulu kuposa mapazi ake. Akalowa pakhomo ankazungulira mtengo wa malalanje, kutembenuza masamba, kung'amba chipatso ndi zala, kenako n'kulemba mzere wofiira pa tsinde. Mtengo wolembedwa unali woti udulidwe ndi kuwotchedwa sabata isanathe.

Dzina loti a Nazale mayiwa analipeza chifukwa anagwira ntchito zaka makumi atatu ku nazale ya mitengo ya zipatso. Luso lawo linali kumezanitsa: kudula kamphukira pa mtengo wobala bwino, kukalumikiza pa tsinde la mandimu, n'kumanga ndi kapulasitiki mpaka ziwirizo zigwirane. Atapuma pantchito, manja okha anakana kupuma. Mwana akabadwa mumsewu umenewo, iwo ankafika ndi mbande ya lalanje, osalipiritsa, osafunsanso ngati pakhomopo akuifuna. Ukakana ankakudzalira uli kuntchito. Mphukira zonse ankadula pa mtengo umodzi wakuseri kwa nyumba yawo, umene ankautcha Make Ana.

"Amayi, wanuwu ndiye wadwalitsitsa," anatero mlangizi atafika kuseriko. "Taonani masamba, achita chikasu mbali imodzi. Chipatso chakula chopendekeka, mkati nthanga zafota. Mankhwala ake palibe."

"Ndamva, mwanangu."

"Koma chinthu chimodzi chikundizunguza mutu. Matendawa amayenda ndi tizilombo touluka, ndiye amagwira mitengo yoyandikana. Kuno akudumpha. Kwa ophika buledi alipo, nyumba ziwiri zotsatira kulibe, kenako kwa aphunzitsi, kwa amakanika, mpaka kwa atelala kumapeto uko. Ngati kuti tizilombo take timayenda ndi adiresi m'thumba!"

Mlangizi anaseka. A Nazale sanaseke.

"Njira ina yoyendera matendawa palibe?" anafunsa.

"Ilipo. Munthu atadula mphukira pa mtengo wodwala n'kukamezanitsa pa wabwino. Koma m'tauni muno ndani akudziwa zomezanitsa?"

Anali mlendo mtsikanayo, sankadziwa amene akulankhula naye. Analemba mzere wake pa Make Ana, anatsanzika mwaulemu, n'kumapita.

A Nazale anakhala pa chidebe chovundikira. Nyumba zimene mlangizi anatchula ankazidziwa ngati zala zawo. Zaka ziwiri m'mbuyomo kunawomba chimphepo chimene chinakhadzula mitengo mumsewumo, ndipo iwo anayenda ndi mpeni wawo wopinda kukonza mtengo uliwonse wothyoka. Ankadula pothyokapo bwinobwino n'kuikapo mphukira zatsopano za Make Ana. Nyumba zodumphidwa ndi matenda zinali zimene mphepo inazisiya.

Chowawa kwambiri n'chakuti anaona. Tsiku lodula mphukira lija nthambi imodzi inali itachita chikasu, anaiona ndi maso awo omwewa. Akanakhala mtengo wa munthu wina akanaukayikira pomwepo, paja pa zimenezi a Nazale analibe chisoni, ku nazale ankazula mbande zana chifukwa cha tsamba limodzi. Koma uwu unali wawo. Anangoti wasowa manyowa, anadula pa nthambi ina yobiriwira, n'kunyamuka.

Masiku atatu otsatira msewu wonse unanunkha utsi wa masamba aawisi. Make Ana a Nazale anamudula okha tsiku loyamba, osagwetsa msozi. Anthu ankawadandaulira podutsa.

"Pepanitu amayi, inu ndiye zakugwerani zedi," anatero wophika buledi. "Tizilombo timeneti tilibe ulemu, kuyamba ndi adokotala a mitengo amene!"

Iwo ankangogwedeza mutu. Palibe ankawaganizira, palibe ankafunsa. Akanangokhala chete nkhaniyo ikanapita ndi utsi, ndipo iwo akanafa ali mayi wopatsa wa mumsewumo. Kunena zoona, ankafuna kukhala chete. Ankafunitsitsa.

Tsiku lachinayi m'mawa telala anagogoda pachipata. Anali bambo wochepa thupi, wosalankhulalankhula, tepi yoyezera ili m'khosi monga mwa masiku onse. Mtengo wake ndi umene unatsala. A Nazale anaudzala tsiku limene mwana wake wamkazi anatuluka kuchipatala ali khanda. Mwanayo anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atangoyamba kumene sukulu, ndipo patapita nthawi banja linatha, mkazi anapita kwawo. Chinatsala pakhomopo ndi mtengowo. Telala sanagulitsepo lalanje lake ndi limodzi lomwe, ankangogawira ana odutsa. Chimphepo chija chitaukhadzula pakati, anathamangira kwa a Nazale alibe nsapato, ndipo iwo anakhala tsiku lathunthu akuukonza.

"Amayi, ndabwera ndi pempho," anatero telala, maso ali pansi. "Mawa akubwera anyamata a makina odulira. Ine sindifuna. Amadula akuseka, akukamba za mpira. Munaudzala ndinu, munaupulumutsa ndinu. Ngati n'kudula, adule manja anu."

"Iii, atelala, ine ndakalamba."

"Wanu munadula nokha, ndinaona. Chonde amayi."

A Nazale anatenga sowo ndi nkhwangwa yaing'ono n'kumutsatira. Njira yonse ankadziuza kuti akangodula n'kubwerera.

Mtengowo unali kuseri, pafupi ndi zenera la chipinda chosokeramo. Pansi pake panali poseseredwa bwino, pozungulira tsinde atatchinga ndi njerwa zopaka laimu. Pa nthambi zitatu zikuluzikulu pankaonekabe zipsera pomwe a Nazale anamezanitsa, zotupa pang'ono ngati mfundo za chala. Chikasu chinayambira pomwepo n'kukwera.

"Ndimangodzifunsa kuti ndinalakwitsa pati," telala anatero akusisita khungwa. "Mwina madzi ndinachepetsa. Mwina ndikanapopera mankhwala msanga, tizilomboto sitikanafika. Mwana ndinachedwa naye kuchipatala, amayi, mukudziwa inu. Tsopano ndi mtengo womwe ndachedwa nawo. Kaya ndine munthu wanji ine."

Apa ndiye a Nazale zinawakanika. Anali atakonzeka kumva telala akutukwana tizilombo, osati akudzitukwana yekha. Anaika sowo pansi.

"Atelala, simunachedwe. Si madzi, si mankhwala, si tizilombo. Ndine."

Telala anatembenuka.

"Mukuona zipserazi? Matenda analowera pamenepa. Ndinabwera nawo ine m'manja, ndinawamangirira ndekha ndi pulasitiki. Mtengo wanga unali utayamba kale kudwala."

"Simunadziwe, amayi."

"Ndinaona nthambi yachikasu. Ndinaiona, n'kudziuza kuti ndi manyowa, chifukwa sindinkafuna kuti ukhale wodwala. Zaka makumi atatu ndaphunzitsa anthu kuti ukakayika usadule. Ine ndinakayika n'kudula. Ukanangosiyidwa wothyoka uja ukanaphukira wokha, lero bwenzi uli moyo."

Telala anachotsa tepi m'khosi, anaikulunga pachala, anaimasula, anaikulunganso. Panja pa mpanda ana ankadutsa kupita kusukulu, ena akusuzumira ngati pali malalanje.

"Mukanangokhala chete," anatero telala pomaliza. "Tizilombo ndikanatha kudana nato. Ndikanatitukwana mpaka imfa yanga. Nanga inu ndikuchiteni chiyani? Inu amene munamusambitsa mwana uja, munandigwira dzanja kumanda? Mwandilanda ndi wodana naye yemwe."

"Danani nane, atelala. Ndi bwino mudane ndi ine kusiyana n'kudana nanu nokha."

Telala anayang'ana mtengo kuyambira pansi mpaka kunsonga, monga amayezera munthu wobwera kudzasoketsa.

"Enawo mukawauza?"

"Ndikachoka pano ndiyamba kwa ophika buledi. Kenako ndikauza mlangizi, asamavutike n'kufufuza."

"Dulani," anatero telala. "Ndanena kale kuti adule manja anu, sindibweza. Koma ine sindiima pano."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. A Nazale anayamba ndi nthambi zazing'ono, kuziunjika pambali, malalanje opendekeka akugwa n'kugubuduka mpaka kumpanda. Atangoika sowo pa nthambi yaikulu yoyamba, makina osokera analira m'chipinda muja. Ankalira mothamanga, mosalekeza, mosiyana ndi kasokedwe ka telala ka masiku onse koimaima. Iwo akacheka mwamphamvu makina nawo ankakwera, moti sowo sankamvekanso.

Mtengo wa lalanje ndi wolimba, abale, si wodula munthu wa zaka zawozo. Dzuwa linafika pamutu ali pa tsinde, minga itawang'amba mikono, misozi imene inakana kutuluka pa mtengo wawo ikungoyenderera yokha. Ankamulirira telala, ankamulirira mwana uja, ankadziliriranso okha. Tsinde litagwa anakokera zonse pakati pa bwalo, poti zikawotchedwe, n'kusesa utuchi wonse.

Makina anali akulirabe. A Nazale anafika pazenera kuti atsanzike, nasuzumira. Telala anali atawerama, mapazi akupalasa mwamphamvu, manja onse awiri ataphimba kumaso. Pansi pa singano panalibe nsalu.

Sanagogode. Anatola sowo ndi nkhwangwa, anatseka chipata pang'onopang'ono, n'kulunjika kwa ophika buledi.