Charmaine Sanawerengedwe

Verna Linklater ankakanda ufa wa buledi wa banoki pamene azakhali ake, a Doreen, analowa akukutumula chipale chofewa kunsapato.

"Amayi ako ali kuti?"

"Agona."

"Tamvera, mwanawe. Aja a ku mzinda wa Winnipeg owerenga akazi a mtundu wathu amene anaphedwa akubwera Lachisanu. Akuti m'mudzi muno ndi awiri okha. Awiri! Enawo anachita kuuluka? Charmaine mulibemo."

Verna ankadziwa chifukwa chake. Mng'ono wakeyo anapezeka kuseri kwa sukulu chaka chatha, atauma gwa. Wapolisi anabwera pandege, n'kungosuzumira, n'kunena kuti analedzera ndipo kuzizira kunamumaliza. Anabwerera tsiku lomwelo. Koma amene anaveka mtembowo anali Verna, ndipo anaona mikwingwirima yakuda pakhosi. Anaiphimba ndi mpango amayi ake asanalowe. Mpaka lero amayiwo amadzitonthoza kuti mwana wawo anangogona, sanamve ululu.

"Iwe unaona," anatero a Doreen. "Ukanena, amuwerenga. Mwina mlandu n'kutsegulidwa."

"Mwina. Nanga iwo akakwera ndege yawo, ine nditsala ndi ndani, azakhali? Msewu wa pamadzi oundanawu usungunuka mwezi wamawa. Ndithawira kuti?"

Panja panaima galimoto. Analowa Alphonse, mwamuna wa malemuyo, atanyamula nkhuni ndi ntchafu ya mphalapala. Pambuyo pake panali Kiona, mwana yekhayo amene Charmaine anasiya, yemwe tsopano ankakhala ndi bambo ake.

"Azakhali, mwayambanso misonkhano yanu yolira ija?" anatero Alphonse akuseka. Anaunjika nkhuni pafupi ndi mbaula, kenako anatembenukira kwa Verna. "Alamu, ndimafuna Kiona adzagone kuno Lachisanu. Koma ndamva kuti mudzatanganidwa ndi alendo. Ngati zili choncho ndikamusiya kwa achemwali anga kutali ku Thompson. Akhoza kumakhala konko."

Verna anayang'ana mwanayo. Tsitsi lake linali nyankhalala, lamasiku angapo osapesa.

"Sindidzatanganidwa, alamu."

A Doreen anayang'ana Verna nthawi yaitali. Anavala chipewa chawo n'kutuluka osatsanzika.

Kuchipinda amayi anadzuka. "Ndi mkamwini wanga ameneyo? Mulungu akudalitse, mwananga. Tikanauma m'nyumba muno popanda iwe. Verna, m'patse tiyi!"

Verna anathira tiyi. Kenako anakhazika Kiona pansi pakati pa mawondo ake, natenga chipeso.

"Tisachedwe," anatero Alphonse, "injini ndaisiya ikulira."

"Ndimaliza pompano."

Analuka pang'onopang'ono. Atafika kumapeto anati lakhota, namasula, n'kuyambiranso. Mwanayo anatsamira pamiyendo pake, khosi lake laling'ono likufunda m'manja mwa Verna.

"Amayi aakulu, simunamalize?"

"Pang'ono, mwanawe."

Koma tsitsi linali lalifupi, ndipo linatha.