Mwana Wogulidwa Pazenera

"Chimene chalowa m'dzanja ili sichitulukanso," ankatero Pahomie Vârlan pamsika wa Lachinayi, akugwedeza nkhonya pamphuno za anzake. "Ngakhale Imfa itabwera, ibwerera chimanjamanja."

Ndipo sankanama. Mkuluyu anali ndi nkhosa zodzaza phiri, koma chijasi ankavala cha malemu bambo ake, zigamba pamwamba pa zigamba. Tchizi ankangomununkhiza. Anthu ankati makoswe a m'nyumba mwake amakadya kwa anansi, kwa iye amangobwera kudzagona.

Kudzitama kumeneku n'kumene kunamubweretsera Saveta pakhomo, mayi wamasiye amene ankamuchapira ubweya. Ana atatu a mayiyu anali atagona kale kumanda a kuseri kwa tchalitchi, ndipo wotsala, Catrina, wa zaka zisanu, chifuwa chinkamumaliza. Panatsala njira imodzi, ya makolo: kugulitsa mwanayo pazenera, wogula n'kumutcha dzina lina, kuti Imfa ikadzafunsa za Catrina iuzidwe kuti pano palibe wotero. Mwambo umafuna wogula akhale mayi wa ana amoyo, koma Saveta anali atayesa kale amayi otero kawiri konse pa ana ena aja, osathandiza.

"Ndinu nokha, bambo, amene simutaya kanthu," anatero.

Pahomie anafunsa mtengo. Atamva kuti ndi kandalama kamodzi ka mkuwa, anayesa kunenerera. Saveta sanaseke.

Pahomie anapita masana omwewo. Anaima panja, chipale chofewa chikumufika m'mawondo, mayi n'kumupatsira mwana pazenera. Munthu wodziwa kulemera kwa nkhosa pongoinyamula anazindikira pomwepo kuti wagula mafupa okhaokha. Anamutcha Ursa, dzina la chilombo cha m'phiri, n'kulowa naye pachitseko monga mwambo unenera.

Mwanayo anamuyang'ana ndevu kwa nthawi. "Agogo, mwandigula eti? Ndiye muzindidyetsa ndinu?"

Funsolo linamutsatira mpaka kukhola. Anadziuza kuti akungosamala katundu wake, monga achitira munthu wanzeru aliyense. M'mawa mwake anatumiza mkaka. Kenako uchi, kenako ngolo ya nkhuni, kenako anapha nkhuku ndi manja ake, mudzi wonse n'kuyamba kufunsana ngati dziko latsala pang'ono kutha. Mwanayo ankamwa masupuni awiri n'kutembenukira kukhoma. Mkuluyo anayamba kuswera komweko, atakhala pakampando, akumusemera tinkhosa tamtengo tooneka ngati agalu.

Sabata yachitatu anaitanitsa dokotala wa m'tauni, osafunsa n'komwe mtengo. Dokotala anamvetsera pachifuwa, napukuta magalasi ake, nanena kuti mwanayu anafunika moto ndi chakudya kalekale, masamba akuyamba kuyoyoka. Saveta anangoyang'ana pansi. Pahomie anakumbukira bwinobwino: nthawi imeneyo mayiyu anabwera kudzapempha mtolo umodzi wa nkhuni, iye n'kumuuza kuti ubweya umachapidwa bwino ndi manja ozizira. Anali ataiseka yekha nthabwalayo tsiku lonse.

Wansembe atabwera ndi kabuku kake kudzamupempherera komaliza mwanayo, Pahomie anamutsekera njira. Anati katunduyu ndi wake, anagula pamaso pa mboni, ndipo sakugulitsa.

Lachisanu m'mawa, madzi akudontha padenga, mpweya wa mwanayo unasintha. Pahomie anaudziwa, anali ataumva kambirimbiri m'khola nkhosa zikamafa. Anagwira kadzanja kotenthako, natembenukira kuchitseko kumene kunalibe munthu.

"Mwasochera," anaiuza Imfa. "Pano pali Ursa. Catrina palibe."

Mwanayo anatsegula maso, ngati waitanidwa kukadya. "Ndilipo, agogo," ananong'ona. "Catrina ndine."

Pahomie anafumbata kadzanjako ndi mphamvu zonse za zaka makumi asanu ndi awiri. Anafumbata mpaka kanazizira. Dzuwa litafika pamutu, amayi osambitsa maliro atadikira mokwana, Saveta anagwada pambali pake n'kuyamba kumutambasula zala, chimodzichimodzi, ndipo kadzanjako kanatuluka.