Tchuthi cha Msewu Wouma

"Mwanayu sapita kulikonse," anatero a Gregorio, maso ali pa singano ya makina awo osokera.

Nedson anaima pakhonde la sitolo pa Malomo, envulopu yaikulu ili kukhwapa, mphepo ya m'mapiri ikumuzizira kumutu. Anali atametedwa dzulo lake, patatha masiku atatu chiikireni mkazi wake Eleanor, ndipo mpala pa munthu wozolowera kupesa seda umaoneka ngati wobwereka. Pambali pake, mwana wawo mmodzi yekhayo, Rozina, wa zaka zisanu ndi zinayi, naye wometa, ankatola tizidutswa tansalu pansi.

"Alamu, tangondimverani kaye."

"Ndinakumverani kale. Ntchito yoyeza misewu ku Tanzania. Kampani ilipira sukulu ya ana a mitundu yonse. Mlongo wanga akanakhala moyo, bwenzi ndikukunyamulirani masutikesi mpaka pa Mponela. Koma wapita. Kodi kumeneko mwana wamkazi akatha msinkhu adzamulangiza ndani? Kampani?"

Chinali chaka cha 1996. Matipate anali atangofika kumene ndipo aliyense ankanena za ufulu, ngakhale ogulitsa mbewa m'mbali mwa msewu. Koma ufuluwo unkaoneka kuti unathera petulo pachitunda, sunakwere mapiri a Ntchisi kukasintha mwambo wakuti mwana ndi wa kuchikazi. A Gregorio ndiwo anali mwini mbumba. Mkamwini akasudzulidwa amanyamula bulangeti lake, osati ana. Nedson akanatha kupita ku khoti ku boma, koma ndani amalimbirana mwana dothi la pamanda a mayi wake lisanaume? Ndipo fomu ya sukulu inayenera kuponyedwa pa positi Lachisanu. Kupanda apo, apite yekha kapena ntchito aisiye.

"Ndingokuonetsani sukulu zake," anatero Nedson. "Zilipo ziwiri. Mayi ake ndiwo ankasankha. Ine envulopuyi sindinaitsegule chidwalireni iwo."

Malungo aja sanapereke nthawi. Lolemba Eleanor anali pansi pa mtengo wa mkuyu akuphunzitsa ana a Sitandade 2 oposa zana, a sukulu yaulere ija, cholembera chofiira chili m'tsitsi. Loweruka anthu anali akukumba manda ake.

A Gregorio anaimitsa phazi, navala magalasi omanga ndi ulusi. Anatenga m'envulopumo kabuku koyamba ka sukulu, kabuluu, ngati munthu wogwira nsomba yovunda.

"Ndiye sukulu yake imeneyi? Ana ali m'madzi ngati achule."

"Ndi dziwe losambira. Imeneyo ndi imene ndinkaifuna ine. Ili pafupi ndi nyumba imene atipatse."

"Munthu achoke kuno kukaphunzira kusamba. Ife mtsinje tili nawo, waulere."

Anatembenuza tsamba. Pakona panali inki yofiira, zilembo zozungulira bwino za mphunzitsi. Eleanor anali ataichonga sukuluyo ngati kope la mwana: zitatu pa khumi. Pansi pake analemba kuti, "Dziwe si phunziro. Tchuthi chachitali Disembala. Mlatho wa kwathu umakhala utapita ndi madzi."

Nedson anasendera pafupi. Anali asanazionepo.

A Gregorio anatenga kabuku kachiwiri, kobiriwira. Sukulu yake inalibe dziwe, ndipo inali kutali, kukwera mabasi awiri. Pa tsamba la masiku otsekera, miyezi ya Julaye ndi Ogasiti inali itazungulizidwa kawiri, mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Zisanu ndi zinayi pa khumi. Anayamba kuwerenga mokweza zimene Eleanor analemba pansi pake.

"Msewu wa ku Malomo wouma. Masabata asanu ndi atatu. Rozina kwa achimwene chaka chilichonse, asaiwale kugwada popereka moni."

Panadutsa njinga itanyamula mabelo a fodya. Palibe anaiyang'ana.

"Anandiuza kuti yobiriwirayo ili ndi laibulale yabwino," anatero Nedson motsitsa.

"Inu anakuuzani za laibulale. Ine anandiuza kuti ndikonze denga la kuchipinda chaching'ono mvula ikatha, osanena chifukwa." A Gregorio anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene fumbi lake linalili. "Tonsefe ankatiyendetsa ngati ana a Sitandade 2."

"Nanga malikisi amodziwo anawachotseranji?" anafunsa Rozina, yemwe aliyense ankayesa kuti sakumva.

"Amayi ako sanapatsepo munthu khumi pa khumi," anatero amalume ake. "Diresi lawo laukwati ndinalisoka sabata yathunthu. Anandipatsa zisanu ndi ziwiri, nkuti ndiyesetse."

Nedson anaseka, kuseka koyamba chichitikireni maliro, ndipo kunathera m'manja mwake ataphimba kumaso.

A Gregorio anayang'ananso chithunzi cha ana a m'kabukuko, a yunifomu yobiriwira ya kolala yoyera. Anachotsa tepi m'khosi.

"Bwera kuno, iwe. Imirira bwino. Tambasula manja."

Anamuyeza mapewa, chiuno, mpaka m'mawondo, akulemba ndi choko pathabwa la makina.

"Musiyeko mpindiro waukulu, alamu," anatero Nedson. "Akukula msanga."

"Ayi. Ndisoka yokwana lero. Ikamuthina, telala wake akudziwa kumene amakhala." Analoza Nedson ndi choko. "Julaye, alamu. Akapanda kufika, ndidzabwera ndekha ku Tanzania konko pa njinga, ndipo mudzachita manyazi."

"Adzafika."

Nedson anatulutsa fomu ya sukulu yobiriwira kuti ayambe kulemba, koma anapeza kuti yalembedwa kale yonse, dzina la mwana, tsiku lobadwa, katemera. Pamzere wofunsa za wachibale wina woyang'anira mwana panali dzina la a Gregorio, telala, Malomo. Pambali pake panali kamtanda kofiira, kosonyeza posayina, monga ankachitira Eleanor ndi makolo osadziwa kuwerenga.

A Gregorio anakayang'ana kamtandako kwa kanthawi. Anapukuta choko m'manja pa thalauza, nalandira cholembera, nayamba kulemba dzina lawo pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, mosamala kuti asatuluke pamzere.